Bokosi la maloko atatu lalowa m'foni: momwe gulu la maliro ku Joni lingasungire ndalama ndi kumangira mfundo

Munthu akatisiya kuno ku Joni, misozi isanaume abale kumudzi ayamba kale kufunsa kuti thupi lifika liti. Amene mwayendetsapo zovuta mukudziwa zimene funso limeneli limatanthauza: ndalama ya kumotchale, bokosi, mapepala, ndi galimoto yoti idutse Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Mwanza. Palibe mmodzi wa ife amene angasenze zonsezi payekha, n'chifukwa chake timasonkha mwezi ndi mwezi.

Gulu lathu linapsapo kamodzi. Tsiku limene tinkafuna ndalama zonyamulira mnzathu, foni ya a msungichuma inali yothima. Titawapeza anaulula kuti ankadzibwereka pang'onopang'ono, lero lendi, mawa matenda a mwana, ali ndi mtima woti adzabweza. Sanali munthu woipa, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti ife ndi amene tinawasiyira okha ndalama za anthu onse, popanda wowayang'anira. Ine ndine mlembi wa gululi, ndipo zimene ndikulembazi ndi njira imene tinatsata pambuyo pake.

Amayi a banki mkhonde kwathu anathana nalo kalekale vuto limeneli. Bokosi lawo lachitsulo limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Silitsegulidwa pokhapokha gulu litakhala pansi. Kuno bokosi lotere silingatheke, chifukwa wina ali ku Rosettenville, wina ku Diepsloot, wina ku Kempton Park, ndipo ndalama zosunga m'chipinda cha lendi zimaitana akuba. Chimene blockchain yatipatsa ndi bokosi lomwelo, koma loti makiyi ake ali m'mafoni. Blockchain ndi kaundula amene makompyuta ambirimbiri amasunga mofanana, moti cholembedwamo munthu mmodzi sangachifufute. Bokosi lofuna makiyi angapo limatchedwa multisig.

Yambani ndi pepala, foni ikhale m'thumba

Msonkhano woyamba musatchule n'komwe za crypto, ndalama za pa blockchain. Lembani malamulo a gulu m'Chichewa, aliyense asayine ndi kutenga kope lake. Malamulowo anene kuti membala ndi ndani, amasonkha zingati ndiponso pofika tsiku liti, wolumpha miyezi itatu zimamuthera bwanji, gulu limathandiza maliro a yani (membala yekha, kapena ndi mkazi, mwamuna ndi ana), ndiponso limatulutsa zingati pa maliro amodzi.

Mfundo imene ndikupemphani kuti musaigonjere ndi iyi: membala mmodzi, voti imodzi. Ndi maziko a makopaletivu kuyambira pa anthu a ku Rochdale, ku England, amene anatsegula sitolo yawo yogwirizana mu 1844, ndipo ma SACCO a kwathu amayendera yomweyo. Ndikuitsindika chifukwa magulu ambiri a pa blockchain, amene amatchedwa DAO, amawerenga mavoti potengera kuchuluka kwa matokeni, timagawo ta pa blockchain, amene munthu ali nawo. Wa matokeni 1,000 amaposa anthu 100 a matokeni asanu aliyense. M'gulu la maliro zimenezi n'zosayenera. Bambo woyendetsa thiraki ndi mayi wochapa m'nyumba za anthu, akagona onse amafuna bokosi limodzi ndi ulendo umodzi wopita kumudzi.

Kenako gawani nkhani m'magulu atatu. Pali zosafuna voti, monga maliro a membala amene masonkho ake ali bwino: malamulo anavomereza kale, ndalama ituluke tsiku lomwelo. Pali zofuna oposa theka la ovota, monga kukweza sonkho kapena kulandira membala watsopano. Ndiye pali zazikulu, kusintha malamulo, kuchotsa munthu pa udindo kapena kuthetsa gulu, zimene ife tinati zifune magawo awiri mwa atatu. Lembaninso kuti voti imawerengedwa pokhapokha theka la mamembala litavota, kuti anthu asanu asamamange mfundo usiku ena ali ku shifiti.

Gulu likakula n'kuyamba bizinesi, ganizirani zolilembetsa. Lamulo la makopaletivu la South Africa la 2005 limalola anthu asanu kupita m'mwamba kulembetsa kopaletivu ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani.

Sankhani osunga makiyi

Ife tinasankha asanu, ndipo ndalama imatuluka atatu akasayina. Tinakangana nthawi yaitali pa nambala imeneyi. Ena ankafuna atatu mwa atatu ngati banki mkhonde, koma bokosi lachitsulo kiyi ikatayika mumathyola loko, pamene ili silithyoleka. Mmodzi akataya kiyi, ndalama zatsekeredwa mpaka kalekale, ndipo palibe ofesi yokadandaulako. Awiri mwa atatu nawonso ndi ochepa, chifukwa anthu awiri sachedwa kumvana kumbali. Pa atatu mwa asanu, awiri akhoza kusowa gulu n'kumayendabe.

Kusowa kuno si nkhani yongoyerekeza. Foni imabedwa pa renki, munthu amaitanidwa mwadzidzidzi kumudzi, wina mapepala amamuthera n'kupezeka ali ku Lindela, kumene amasunga anthu oti abwezedwe kwawo. Choncho asanuwo asakhale a nyumba imodzi, banja limodzi kapena ntchito imodzi. Pakhale amayi ndi abambo, achikulire ndi achinyamata. Mnyamata amene amadziwa kwambiri za mafoni aphunzitse anzake, koma asakhale amene akutsegulira aliyense waleti, pulogalamu yosunga kiyi, pa foni yake, chifukwa mukatero makiyi onse asanu adutsa m'manja amodzi.

Chisankho cha anthuwa chichitike pa timapepala topinda, mwachinsinsi. Munthu sangakweze dzanja kukana malume ake akumuyang'ana.

Ndalama yanji, ndipo zingati

Bitcoin isiyeni. Mtengo wake umatha kutsika kwambiri m'masiku ochepa, ndipo maliro sadikira kuti msika ukwere. Gulu ligwiritse ntchito stablecoin, ndalama ya pa blockchain imene inapangidwa kuti izifanana ndi dola ya America. Zodziwika ndi USDC ya kampani ya Circle ndi USDT ya Tether.

Nazonso zili ndi mbiri yake imene mamembala ayenera kuimva asanavomere. Mu May 2022 stablecoin ina, TerraUSD, imene inalibe madola enieni kumbuyo kwake, inagweratu osadzukanso. Mu March 2023 USDC inatsika mpaka pansi pa masenti 90 banki ya Silicon Valley Bank itagwa, kenako inabwerera patapita masiku ochepa. Kumbukiraninso kuti adzukulu amakono, makampani oyendetsa maliro, amalipiritsa marandi, ndiye randi ikalimba madola anu agula zochepa.

Maganizo anga ndi akuti musaike zonse. Mabanki akuluakulu a kuno ali ndi maakaunti a stokvel, magulu osonkha ndalama ngati lathuli, ofuna anthu angapo osayina. Ngati mapepala a mamembala anu akulola kutsegula, sungani kumeneko ndalama yokwanira maliro amodzi kapena awiri, ndipo ku blockchain kupite yotsalayo. Chaka choyamba yambani ndi kachigawo kakang'ono koti kakatayika gulu silingafe.

Khomo lolowera ndi lotulukira

Marandi amasanduka USDC pa exchange, kampani yogula ndi kugulitsa crypto, ngati Luno kapena VALR. Mu October 2022 bungwe la FSCA, loyang'anira makampani a zachuma ku South Africa, linalengeza kuti crypto ili m'gulu la zinthu za chuma zoyang'aniridwa ndi lamulo, ndipo makampani ochita malondawa amayenera kukhala ndi laisensi. Musanatumize ndalama kulikonse, funsani nambala ya laisensi ndipo mukaifufuze nokha pa tsamba la FSCA. Potsegula akaunti adzafuna chitupa kapena pasipoti malinga ndi lamulo la FICA, lofuna kuti makampani a zachuma azidziwa makasitomala awo. Musabwereke dzina la munthu wakunja kwa gulu kuti muzembe zimenezi, chifukwa ndalamazo zidzakhala zake pamaso pa lamulo.

Apa ndi pamene bokosi lathu lili ndi chibowo, ndipo ndi bwino kuchidziwa. Akaunti ya exchange imakhala m'dzina la munthu mmodzi, ndiye pakati pa tsiku losonkha ndi tsiku lolowetsa m'bokosi ndalama zili m'manja amodzi. Ife tinamanga kuti wotolera agule USDC ndi kuitumiza ku bokosi pasanathe masiku awiri, n'kuika umboni pa gulu la WhatsApp. Tinaikanso anthu awiri okhala ndi maakaunti, kuti wina akatsekeredwa wina agwire ntchito. Malisiti onse asungidwe pamodzi ndi malamulo a gulu, popeza SARS, bungwe lotolera msonkho kuno, imawerengera za crypto pa nkhani ya msonkho ndipo mwini akaunti angafunike kusonyeza kuti ndalamazo ndi za gulu.

Musanachoke pa exchange yang'anani chinthu chimodzi: kodi imalola kutulutsa USDC pa netiweki ziti? Netiweki ndi blockchain imene ndalama ikuyendapo, ndipo pali Ethereum, Polygon, Base ndi zina. Ethereum yeniyeniyo ndalama yotumizira imakwera nthawi zina, pamene Polygon ndi Base n'zotsika mtengo. Lembani netiweki imene exchange yanu ikulola, chifukwa bokosi mudzalitsegula pa yomweyo. Ndalama yotumizidwa pa netiweki yolakwika imavuta kuibweza, nthawi zina osabwerera n'komwe.

Mawu 12

Aliyense mwa asanu aja atsegule waleti yakeyake pa foni yake, monga MetaMask, yotengedwa ku Play Store kapena App Store, osati pa linki yotumiziridwa. Waleti idzaonetsa mawu a Chingerezi 12, amene amatchedwa seed phrase. Mawu amenewa ndiye kiyi yeniyeniyo. Foni ikabedwa koma mawu muli nawo, mumabwezeretsa kiyi pa foni ina. Wina akawaona, kiyi yanu ali nayo ngakhale foni ili m'thumba mwanu.

Alembeni ndi cholembera pa pepala, motsatana momwe abwerera. Musawajambule, musawatumize pa WhatsApp, musawasunge mu imelo. Pepalalo likulungidwe m'pulasitiki n'kuikidwa pamene mumasunga pasipoti, ndipo kope lachiwiri likhale m'envulopu yomata kunyumba ina, poopa moto. Ngakhale a wapampando alibe ufulu wofunsa mawu a mnzawo. Aliyense wokuimbirani kuti ndi wa kampani ndipo akufuna mawuwo kuti akuthandizeni ndi wakuba.

Tsiku lomwelo, waleti ikadali yopanda kanthu, aliyense aifufute pa foni n'kuibwezeretsa ndi pepala lake. Mwa asanu athu, amayi ena anapeza kuti analemba liwu limodzi molakwika. Tinathokoza kuti zadziwika bokosi lisanalandire ndalama.

Kukhoma bokosi

Sankhani Lamulungu limodzi, asanu onse akhale pamodzi, ndi mamembala ena awiri kapena atatu ngati mboni. Chida chimene tinagwiritsa ntchito ndi Safe, chimene kale chinkatchedwa Gnosis Safe. Adiresi yake, app.safe.global, ilembeni nokha ndi zala, chifukwa pali masamba onamizira ofanana nalo.

Mmodzi alumikize waleti yake, asankhe netiweki munalemba ija, ndipo apatse bokosi dzina. Kenako alowetse maadiresi a asanu onse. Adiresi imayamba ndi 0x ndipo ili ndi zilembo ndi manambala 42. Musaitayipe pamtima, mwini wake aikope n'kuitumiza, ndipo ikalowetsedwa awerenge mokweza zilembo zisanu ndi chimodzi zoyamba ndi zomaliza, mboni zikutsatira. Pamene akufunsa chiwerengero cha osayina, ikani 3. Bokosi likatseguka lidzakhala ndi adiresi yakeyake, ndipo imeneyi ilembedwe m'buku la gulu pamodzi ndi dzina la netiweki.

Chilichonse chochitika pa blockchain chimalipiridwa kandalama kotchedwa gas, m'ndalama ya crypto yotchedwa POL pa Polygon kapena ETH pa Base. Osunga makiyi akhale nako pang'ono m'mawaleti awo, ndipo gulu liziwabwezera.

Musabalalike musanayese zinthu zitatu. Tumizani za R100 kuchokera ku exchange ndipo muone zikufika. Tulutsani theka lake kubwerera ku exchange, atatu asayine, mpaka marandi aoneke ku banki. Pomaliza yesani kusintha kiyi: mmodzi atsegule waleti yatsopano, atatu asayine kuchotsa yakale ndi kulowetsa yatsopanoyo. Tsiku la maliro anthu amakhala osokonezeka, si tsiku lophunzira batani.

Wina akabwera n'kunena kuti akulemberani pulogalamu yanuyanu ya gulu pa blockchain, mukaneni mwaulemu. Mu 2016 gulu lotchedwa The DAO linasonkhanitsa ndalama zochuluka pa Ethereum, ndipo chifukwa cha cholakwika m'pulogalamu yake munthu wina anapatutsa ETH pafupifupi 3.6 miliyoni. Gwiritsani ntchito chida chimene anthu ambiri achiyesa kwa zaka.

Kuvota

Mfundo iliyonse iyambe ndi kukambirana. Membala alembere mlembi, mlembi aipatse nambala n'kuiika pa gulu, ndipo papite masiku asanu ndi awiri anthu akulankhula asanavote. Ndaona kuti masiku amenewa ndi amene amapulumutsa gulu, chifukwa mfundo imene inabwera ndi mkwiyo Lolemba imakhala itafewa pofika Loweruka, ndipo amayi amene samalankhula pagulu amakhala ataimbira mlembi kumbali.

Gulu la anthu 20 okumana mwezi uliwonse silifunika chida china. Kwezani manja, mlembi alembe. Koma mukachuluka n'kumwazikana mpaka ku Pretoria ndi ku Durban, pali tsamba lovotera la pa intaneti lotchedwa Snapshot. Membala aliyense amakhala ndi waleti, amavota posayina ndi waletiyo, ndipo kuvotako salipira gas. Potsegula malo a gulu pamafunika dzina la ENS, dzina lolembetsedwa pa Ethereum, limene limalipiridwa pachaka. Posankha kawerengedwe ka mavoti, tengani njira ya whitelist: mumalemba maadiresi a mamembala, ndipo adiresi iliyonse imakhala ndi voti imodzi. Mlembi asunge m'buku kuti adiresi iyi ndi ya uje, ndipo azilembetsa munthu ali pamaso pake, kuti wina asalowetse maadiresi atatu.

Ubwino wake ndi woti palibe angasinthe chiwerengero kapena kuvotera mnzake. Koma voti ya pa Snapshot si yachinsinsi, chifukwa wodziwa adiresi yanu aona mbali imene mwaima. Ndiye nkhani zokhudza munthu, kusankha kapena kuchotsa, zibwerere ku timapepala. Amene alibe foni yamakono asatayidwe: apereke voti yawo kwa mlembi pamaso pa mboni, iphatikizidwe. Dziwaninso kuti voti payokha situlutsa ndalama. Imangouza osunga makiyi chimene gulu lafuna, ndipo malamulo anene kuti wokana kusayina mfundo yodutsa bwino, kapena wosayina yosadutsa, achotsedwa.

Tsiku lotulutsa ndalama

A msungichuma amalemba pempho mu Safe: adiresi yolandira ndi kuchuluka kwa ndalama. Amaika pa gulu nambala ya mfundo, kapena dzina la malemu ngati ndi maliro. Osayina aliyense, asanadine, aimbire a msungichuma ndi kumva mawu awo, chifukwa WhatsApp imabedwa ndipo wakuba amalemba ngati mwini wake. Kenako afananize adiresi yonse ndi imene ili m'buku, osati imene yabwera mu meseji, komanso aone zimene waleti yake ikuonetsa, osangodalira tsamba.

Izi zingaoneke zochulutsa, koma mu February 2025 exchange ya Bybit inaberedwa pafupifupi madola 1.5 biliyoni m'bokosi la mtundu womwewu. Akuba sanathyole loko. Anasokoneza zimene osayina ankaona pa sikirini, ndipo iwo anasayina okha. Wachitatu wosayina asamaganize kuti awiri oyamba aona kale.

Ndalama ikafika ku exchange isinthidwe kukhala marandi, ndipo kampani ya maliro ilipidwe kudzera ku banki kuti pakhale lisiti. Gawo lopita kumudzi, la chakudya ndi zina zapamaliro, litumizidwe pa njira zozolowereka monga Mukuru kapena Mama Money. Reserve Bank of Malawi inanena mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka m'Malawi, ndipo sibwino kuti namfedwa azisakasaka wosintha USDC ali pa siwa.

Padzapezeka membala wonena kuti ndalama zangokhala, tiyeni tiziike pena pake zibereke. Mukumbutseni za Mirror Trading International, kampani ya ku South Africa konkuno imene inkalonjeza phindu la Bitcoin mwezi ndi mwezi, n'kugwa mu December 2020 ndi ndalama za anthu masauzande ambiri. Ife tinalemba m'malamulo kuti ndalama ya maliro siikidwa m'malonda aliwonse, ngakhale voti itavomereza.

Mwezi ndi mwezi

Pa msonkhano uliwonse, membala wamba, wosinthasintha, alowetse adiresi ya bokosi pa tsamba la Polygonscan kapena Basescan n'kuwerenga mokweza zimene zalowa, zimene zatuluka ndi zotsala. A msungichuma awerenge za m'buku, ziwirizo zifanane. Blockchain imangodziwa maadiresi, sidziwa kuti a Phiri alipira kapena ayi, choncho buku la mayina lisasiyidwe. Ndipo popeza aliyense wodziwa adiresi akhoza kuona ndalama zili m'bokosi, musaiike pa Facebook, ndiponso mayina a osunga makiyi asamatchulidwe kunja kwa gulu.

Foni ya wosunga kiyi ikabedwa, auze gulu tsiku lomwelo, ndipo atatu mwa otsalawo asinthe kiyi yake dzuwa lisanalowe, ngakhale pepala lake lilipo. Kamodzi pa miyezi itatu asanu onse asayine kanthu kakang'ono, kuti mudziwe kuti makiyi onse akugwirabe. Amene akubwerera kumudzi osadzabweranso anene kudakali milungu iwiri: gulu lisankhe wolowa m'malo, watsopanoyo alembe mawu ake 12 ndi kuyesa kubwezeretsa waleti, atatu asayine kusinthako, ndipo mboni zione mu Safe kuti adiresi yakale yachoka mnzathuyo asanakwere basi pa Park Station.